Mzere Umene Anaufufuta

Anatigula mu Juni, mwezi umene Mzuzu
amadzuka atafunda nkhungu mpaka m'makutu.
Pangano linasainidwa kutsidya kwa nyanja zamchere;
ife tinangoona chikwangwani cha ku Luwinga chikutsitsidwa,
dzina la malemu Chipofya, lopentedwa pamanja,
likugonekedwa chafufumimba kuseri kwa mulu wa utuchi.

Anawerenga zonse: macheka asanu ndi awiri,
lole yotsimphina, paini wa ku Chikangawa,
zitseko mazana atatu zodikira vanishi,
ndi ife, anthu makumi anayi, pamzere wotsiriza.
Ine ndine kalaliki. Ndinawathandiza kuwerenga.

Kenaka anafika Mayi Annelien, jekete yopyapyala,
nati, muzinditchula dzina basi, tonse ndife amodzi.
A Sibande, amene apala matabwa zaka makumi atatu,
anayesa. Dzinalo linawaima pakhosi ngati munga.
Mpaka lero amati abwana, maso ali pansapato.

Pamsonkhano anafunsa: mwagwirizana nazo?
Tonse tinati inde.
Inde wathu amanena kuti khutu lamva;
iwo analemba kuti mtima wavomera
natumiza uthengawo kwawo dzuwa lisanalowe.

Moni wam'mawa anamuyeza ndi wotchi.
Mwawuka uli, ana kaya, nanga chifuwa cha amayi chija?
Mphindi khumi ndi ziwiri kuchulukitsa makumi anayi.
Samuyo ndinachita ndine, zala zitauma ndi chisanu.

Ndisaname: malipiro anayamba kufika patsiku lake,
maso athu anavala magalasi,
ndipo mphwake wa Chipofya, wogulitsa guluu wathu ku Taifa,
amene tonse tinkamudziwa koma pakamwa pali tseke,
iwo anamutchula dzina, masana, anthu akumva.

Koma m'buku munali mzere wosamveka kwa iwo:
matabwa asanu ndi limodzi, misomali, dizilo,
wolipira palibe.
Ndinati, ndi bokosi limenelo.
Wa pano akaferedwa makina amakhala chete,
timakhoma, lole imatenga anthu mpaka ku Ekwendeni.
Anati pepani, kampani si mpingo,
naufufuta ndi cholembera chofiira, mwaulemu ndithu.

Palibe ananyanyala. Palibe anatukwana.
Kungoti Nyausisya, amene ankatipatsa matabwa pangongole yapakamwa
chifukwa lole yathu inaperekeza mwamuna wake,
anayamba kufuna ndalama patsogolo.
Macheka akabuntha, aliyense ankadikira fomu.
Zitseko zinapindika, maoda anathawira kwa amisiri a ku Chibavi,
manambala anga anawonda, nthiti kuwerengeka.
Lachisanu lililonse foni yochokera kwawo:
makina ndi omwewo, anthu ndi omwewo,
chatayika n'chiyani?

Mu Novembala bambo awo anamwalira.
Ndege inali ya mkucha.
Sitinapangane. Tinangopezana panjira ya ku Katoto,
ena pakabaza, ena wapansi, utuchi udakali m'tsitsi,
tinakhala pakhonde, paudzu, pamasitepe.
Anatuluka maso ali psuu, nafunsa chimene tikufuna.
A Sibande anati, palibe.
Anafunsa ngati pali choti asaine.
Palibe.
Analowa, anatuluka ndi makapu asanu ndi limodzi okha amene anali nawo,
anaima nawo m'manja, osadziwa woyambira.
Nyausisya, amene sindikudziwa anamva kwa yani,
anasendeza chitenje chake nawaonetsa pokhala.
Mvula yowaza inayamba. Palibe anasuntha.

Abwerako tsopano. Manambala adakali ofiira,
ndipo akuti kwawoko ena akufuna kutigulitsanso.
Dzulo anaima patebulo langa, chala pamzere uja:
Vitumbiko, tiutche chiyani kuti kwathu aumve?
Ndinati ndiganizira.
Ndalemba kale ndi pensulo mawu anayi, onse ndafufuta.
Kunja A Sibande akunola macheka
osadikira fomu.